Kompyuta Imene Inauza Bambo Kuti Akapume

Ndine ndinayambitsa, sindikukana. Kunyumba kwathu ku Woodbridge kuli kompyuta yakale m'kabati, yopanda sikirini, imene bambo amalowamo ali pa laputopu yawo. Loweruka lina ndinawonjezera kamzere kamodzi ka malamulo a kompyuta pa akaunti yawo kuti akangolowa, iziwauza kuti "Pitani mukapume" n'kuwatulutsa.

Sindinkadziwa kuti Loweruka lomwelo amayi afuna satifiketi yawo ya unesi, yomwe inali m'kompyutamo, kuti aitumize kuntchito yatsopano isanakwane faifi koloko.

Bambo analowa, inawatulutsa. Anazimitsa rauta, kabokosi ka intaneti, anayatsanso, inawatulutsabe. Anasintha chingwe, chimodzimodzi. Kenako ananyamula TV ya pabalaza mpaka kukabati kuti ailumikize ku kompyutayo ikhale sikirini, thukuta lili kamukamu, ine nditawagwirira chitseko ngati mwana wabwino.

Amayi anawerenga mawuwo, n'kundiyang'ana motopa. "Iwe, kompyutayi inaphunzira liti Chichewa?"

Ndinalowa pa akaunti yanga, ndinafufuta kamzereko. Satifiketi inapita nthawi itatsala pang'ono kwambiri.

Bambo analibenso mphamvu zokalipira. Anangondilanda foni kwa masabata awiri, TV n'kundiuza kuti ndibweze ndekha. Kunena zoona, ndinaona kuti zanditchipira.