Mphasa yopachika kudenga

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la bango lonyowa lomwe ankalinyika mumtsinje wa Naperi m'mamawa n'kubwera nalo pamutu likudontha, uku sitima ikulira ku Limbe, nthawi imene njanji inali idakali yachilendo moti anthu ankasiya makasu kuti akaione. Ankakhala pakhonde miyendo ili tambalale, singano yaitali yachitsulo m'manja, akuboola mabango ong'amba limodzilimodzi n'kumakoka chingwe cha khonje.

Kwa ine chilichonse choyala pansi chinali mphasa basi. Koma ukatero pamaso pa agogo, waputa mlandu. "Mphasa timasoka, ndi ya bango. Mkeka timaluka, ndi wa mlaza. Chaubweya chija anagula abambo ako kwa amwenye ndi kapeti, ntchito yake kuweta utitiri." Ndinkavomera ndi mutu, mawa lake n'kusokonezanso.

Chomwe chinandizunguza mutu zedi ndi mphasa ina yomwe anaisoka chilimwe chonse, bango lake losankha, mizere ya chingwe yothinana. Atamaliza anaikulunga n'kuipachika kudenga. Kugulitsa ayi, kugonapo ayi. Tsiku lina kutabwera abusa, ine ndi mtima wofuna kuyamikiridwa ndinaitsitsa kuti ndiwayalire. Agogo anandilanda mwakachetechete.

"Iyi si yokhalapo, Nasibeko," anatero alendo atapita. "Kwathu munthu akamwalira timamukulunga mumphasa. Iyi ndi yanga. Ndikadzaleka kulankhula udzawauze abambo ako kuti ine bokosi ayi. M'bokosi amaikamo sopo."

Ndinachita mantha, komanso sindinamvetse. Munthu wadya bwinobwino, akuseka, n'kumasokeratu chofunda cha kumanda? Nanga bwanji osawauza okha bambowo? Pano ndikuganiza kuti anawauza, koma bambo anali kalaliki m'sitolo ya azungu ku Blantyre komanso mkulu wa mpingo, ndipo za mphasa ankaziyesa zachikunja.

Agogo anamwalira mvula itangoyamba. Bambo anabwera ndi bokosi lopala bwino, lonunkha matabwa atsopano. Ana sitinkaloledwa kuyandikira maliro, koma ndinadutsa pakati pa azimayi n'kukagwada pamaso pa bambo.

"Bambo, agogo anati bokosi ayi. Mphasa yawo ili kudenga."

"Anthu a mpingo ali panjawa, mwanawe. Ukufuna ndikawauze chiyani?"

Ndinangolira. Kenaka bambo anakwera pampando n'kuitsitsa okha. Anayesa kuiyala m'bokosimo, osatheka, chifukwa mphasa sipindika ngati mkeka, bango limathyoka. Wina anatulutsa mpeni kuti aidule.

"Musadule," anatero bambo. "Anasoka okha."

Mapeto ake anaika agogo m'bokosi, n'kukulunga bokosilo ndi mphasa, n'kumanga ndi khonje lomwe linatsala pakhonde. Koma agogo anayeza mphasayo pathupi lawo lowonda lija, osati pabokosi. Sinakumane, ndipo pamwamba matabwa ankaoneka. A mpingo anaimba nyimbo zawo akuyang'ana kumbali, achibale ochokera kumudzi akung'ung'udza. Palibe anakhutira.

Ndakalamba tsopano, ndipo mkeka, mphasa ndi kapeti sindisokonezanso. Koma mdzukulu wanga atandifunsa kuti agogowo anawaika m'chiyani, ndinasokonezekanso: m'bokosi kapena mumphasa? Uthenga ndinapereka, mphasa inapita nawo. Chomwe chimandiwawa n'choti mphasa imene anaisoka chilimwe chonse sinawakhudze thupi.