Chiuno Chimene Chinaumitsa Laputopu

Zoti a Telala apeza chibwenzi pa intaneti n'zabodza, ndipo mayi wogulitsa mabatani amene anayambitsa nkhaniyi pakamwa pake pakufunika zipi.

N'zoona kuti masana aliwonse bamboyu ankaimitsa makina osokera n'kukhala duu, maso pa laputopu, akumwetulira ngati khanda lolota bere. Koma imvani mutu wake.

A Telala asoka m'kachipinda komweko zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo aliyense amene anamuzunguliza tepi anamulemba m'kope: phewa, chifuwa, chiuno, msinkhu. Makope anadzaza shelefu. Chiswe chitayamba kudya mapewa a anthu, mwana wawo wamkazi anawabweretsera laputopu yakale, n'kuwaphunzitsa kujambula masamba ndi foni ndi kuwalowetsa m'pulogalamu yosungira zolemba.

Iwo anajambula zonse, n'kuthira zonse pakamodzi ngati akukhuthula thumba la zigamba. Laputopu inkayamba bwino, masamba akudutsa pagalasi: akwati, malemu, tiana ta yunifolomu timene lero tili ndi madazi. Kenako kafani kamkati kankalira, pansi n'kutentha ngati ayironi, basi yauma gwaa. Tsiku lililonse pa tsamba lomwelo.

"Ababa, memori ikudzaza," anatero mwanayo. "Kamutu kake n'kochepa, sikangasenze zonsezi. Muzilowetsa kope limodzilimodzi."

"Ndamva, mama."

Kumva anamva, koma mawa lake anathiranso zonse. Ikangouma, iwo ankatsamira khoma. Fumbi la nsalu linkayandama padzuwa la pazenera, phokoso la mumsewu n'kupita kutali, ndipo ankaona mvula ya kalekale, mtsikana ataima pakhomo, nsapato kumanja, nsalu kukhwapa, akukana kupuma kuti tepi imukomere mtima.

Mphekesera ija inafika kunyumba itamera kale miyendo ndi mawigi. Akazi awo analongedza chikwama, n'kuchiika pakhomo, n'kubwera kushopu ndi mwana uja ngati mboni.

"Bambo a ana, ndionetseni mkazi mnzangayo ndimusiyire nyumba."

A Telala anatembenukira ku laputopu. Anangoloza ndi sizasi.

Mwanayo anazimitsa laputopu, n'kuyatsanso, n'kufufuza m'zithunzi. "Ababa! Tsamba limodzi mwalijambula ka sikisite-firii? Chithunzi chilichonse chachikulu ngati chitseko! Ndiye isakomoke bwanji?"

"Pensulo yake inafufutika," anang'ung'udza a Telala. "Ndimafuna izioneka bwino."

Mayi aja anavala magalasi a amuna awo, n'kuwerenga mokweza, mwaukali: "Mtsikana wa ambulera yothyoka. Chiuno 26. Amaseka tepi ikamukhudza." Apa mawu anatsika. Anawerenganso chamumtima. Ambulera ija ankaidziwa. Inali ya malemu mayi awo.

"Twente-sikisi? Ineyo?"

"Tepi sinama, mayi."

"Nanga lero?"

"Matepi a masiku ano ndi aafupi."

Mayiwo anawamenya paphewa ndi kope, chiswe n'kuyoyoka, kenako anakhala pa kampando ka makasitomala.

"Ndifufute zinazi, nditsale ndi chimodzi?" anafunsa mwanayo. "Ikhala bwinobwino."

"Usakhudze," anatero amake. "Pita ukalowetse chikwama changa, kukubwera mvula."

Mpaka lero makope enawo sanalowe, chiswe chikunenepa, ndipo masana mukasuzumira mupeza mitu iwiri yaimvi itagundana, kudikira kuti kafani kalire.

Mkazi amene amaumitsa laputopu ya a Telala ndi akazi awo omwe.