Ndinatentha Lamba wa a Likongwe

Ndinachotsetsa munthu ntchito chifukwa cha mantha anga, ndipo munthuyo ndi yemwe anandipezera ine ntchito. Nkhaniyi yandilemera zaka zambiri. Ndati ndiilembe, mwina wina mwa inu owerenga angalambalale dzenje lomwe ndinagweramo.

Zinachitika ku Joni, ku Pretoria, zaka zija mafoni a m'manja anali ndi anthu owerengeka. Ndinkachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Capital Park, ine ndi mwana wanga Tadala wa zaka ziwiri. Kutchalitchi kwathu kunali a Likongwe, Mmalawi mnzathu wophunzira bwino, ndipo ndi iwowo anandilankhulira kukampani yawo kuti ndizikolopa.

Iwo ankagwira ntchito m'chipinda chapansi, chopanda zenera. Munali makabati achitsulo aatali kuposa munthu, ndipo m'kabati ina munali chimakina chomwe ankachitcha rauta. Anandiuza kuti mauthenga a makompyuta a makampani ambiri amadutsa m'menemo. Chinali ndi makhadi aakulu ngati thireyi ya tiyi, olowa ndi kutuluka ngati madilowa. Khadi likafa, a Likongwe ankalimasula, kulisolola, n'kulowetsa latsopano lochokera m'thumba lonyezimira.

Chipindacho sindinachikonde kuyambira tsiku loyamba. Kuzizira kwake kunali kwa kumochale. Makina ankangolira chapansipansi, osapuma, ngati anthu akubuula kuseri kwa khoma. Ndikamasesa ndekha, tinyali tobiriwira tinkaphethira kumbuyo kwanga, ine n'kumacheuka, osaona munthu.

Itafika nyengo yozizira, zachilendo zinayamba. Ndikagwira chitseko cha chipindacho, chinachake chinkandiluma chala. Ubweya wa pamikono unkaima wokha. Povula juzi kunyumba ndinkamva kuthetheka ngati udzu ukupsa. Tsiku lina nditaweruka ndinagwira tsaya la Tadala, ndipo kamoto kanadumpha kuchoka pachala changa, mwana n'kukuwa. Sabata yomweyo anayamba kutsokomola ndi kukana chakudya.

Apa m'pomwe ndinayamba kuyang'anitsitsa zomwe a Likongwe ankachita. Asanakhudze khadi, ankatulutsa m'dilowa kalamba kakuda n'kumanga pamkono. Kalambako kanali ndi chingwe chopiringizika chomwe ankachikoleka kuchitsulo cha kabati. Akatero ankaloza makinawo ndi chala, milomo ikugwedera, mawu osamveka. Ine ankangondiuza kuti, “Amake Tadala, ndikatsegula apa musayandikire, chonde.”

Inu owerenga, munthuyu ndinkakumana naye tsiku lililonse, koma sindinamufunse. Ndinakafunsa mayi wina wa kumapemphero athu, yemwe sanapondepo m'chipindamo. Mayiwo anagwira pakamwa.

“Iwe mwana, mlendo ngati ameneyo azungu n'kumupatsa makiyi, ukuti ndi sukulu yokha? Anakubweretsa dala. Chingwecho chikukoka moyo wa mwana wako kudzera mwa iwe. Katenthe!”

Lachisanu ndikupukuta tebulo la a Likongwe, ndinatenga kalambako n'kukabisa m'thumba la ovololo. Kunyumba ndinakaika m'chitini, kuthira parafini, kuyatsa, uku ndikupemphera. Utsi wake unali wakuda, wonunkha, ndipo ndinati m'mtima, zoona, ichi sichinali chinthu chabwino.

Sindinkadziwa kuti m'mawa mwake, Loweruka, linali tsiku losintha khadi lalikulu. A Likongwe anapatsidwa kanthawi kochepa, pomwe maofesi ambiri anali otseka. Ndikukolopa pakhomo, ndinawaona akukhuthula dilowa.

“Amake Tadala, simunaone kalamba kanga?”

“Iyayi, achimwene.”

Lamba wina anali atapita ndi mnzawo kukagwira ntchito kutauni ina. Bwana wawo anaima pomwepo, akungoyang'ana wotchi n'kumati nthawi ikutha. A Likongwe anagwira chitsulo cha kabati ndi dzanja, kenaka ananyamula khadi latsopano lija n'kulilowetsa. Nyali zinayaka zobiriwira. Aliyense anapuma, ine ndemwe.

Lachiwiri masana nyali ya khadi lija inasanduka yofiira. Mafoni a m'mwamba anayamba kulira onse nthawi imodzi, anthu akuthamanga pamasitepe. Makampani aja anakhala osalumikizana mpaka dzuwa kulowa. Khadilo analitumiza kwa eni ake opanga, ndipo yankho linabwera lakuti linapsa ndi magetsi a m'thupi la munthu. Bwana yemwe uja ankawafulumizitsa ndiye anali woyamba kulemba kuti anawaona akugwira khadi opanda lamba. Anawachotsa ntchito. Ndipo poti pemiti yawo yokhalira m'dzikomo inali yomangirira pantchitoyo, ya ku Joni inathera pomwepo.

Tsono tamvani. Lamba ndinatentha, koma chitseko chija chinapitiriza kundiluma, ndipo Tadala sanasiye kutsokomola. Nditapita naye kuchipatala, anesi anati ndi chifuwa cha kuzizira ndi utsi wa sitovu ya parafini yomwe ndinkayatsa m'kachipinda kotseka. Anandipatsa mankhwala, mwana anachira pasanathe sabata.

Tsiku lomwe a Likongwe ankalongedza zinthu zawo, chitseko chinandilumanso iwo akuona, ine n'kudumpha. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.

“Eish, musaope, achemwali. Kunoko kukazizira mpweya umauma, thupi limasunga magetsi, makamaka ndi ovololo ya nayiloni yanuyo. Inu zimangokulumani, koma khadi limafa, mwina pompo, mwina patapita masiku. Kalamba kanga kaja kankatsitsira magetsiwo kuchitsulo.”

Ndinafunsa kuti nanga milomo ankagwedezeranji. Anati ankawerenga makhadi, kuopa kusolola lolakwika.

Apa ndinazindikira chomwe ndinachita. Komabe sindinanene kanthu tsiku limenelo, poopa kuti nanenso andichotsa, mwana adya chiyani. Ndinadikira masiku anayi ndisanapite kwa bwana uja kukaulula. Anandimvetsera osasiya kulemba, n'kunena kuti nkhaniyo inatha kale, munthu wodziwa ntchito amayenera kukana. Ine sanandichotse. Mwina zikanandipepukira akanatero.

Ndinapita kunyumba kwa a Likongwe n'kuwapeza akumanga katundu, ana awo awiri atakhala pamatumba, atachotsedwa sukulu pakati pa chaka. Ndinagwada pakhomo n'kufotokoza zonse, mpaka za chitini ndi parafini. Akazi awo anatembenukira kukhoma. A Likongwe anati:

“Timapemphera benchi limodzi, achemwali. Mukanangondifunsa.”

Anakwera basi ya kumudzi sabata yomweyo. Ndinalembako makalata awiri, yankho silinabwere, ndipo sindiwadandaula.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene timagwira ntchito m'malo a zinthu zomwe sitinaziphunzire: mwana akadwala, mantha amathamanga kuposa nzeru, ndikudziwa. Koma mwana mupite naye kuchipatala, ndipo chomwe mwachiona pantchito ya mnzanu musakachifunse kwa munthu amene sanachionepo. Funsani mwini wake, ngakhale akusekeni. Chida cha munthu musachisunthe, musachibise, musachitaye. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo mnzanu akadali pantchito, osati kukagwada pakhomo pake katundu atamangidwa kale.