Mphuno ya a Ravelojaona

Pachipata cha Ambohimanga, pafupi ndi chimwala chimene makolo ankagubuduza potseka mudzi wa mafumu, a Ravelojaona akhalapo kuyambira ine ndili kumsana. Wodya nkhumba kapena adyo sakwera kukapereka uchi kumanda a mafumu, ndiye iwo ntchito yawo ndi kununkhiza anthu.

"Tapumani, achimwene. Eee, koma inali yonona! Bwererani, mudzabwere ikatuluka."

Palibe anawalemba ntchitoyi, koma ulemu wawo wonse unali pamphunopo.

Chaka china chimfine chinapita nayo mphuno ija. Amene ananditsina khutu ndi akazi awo, mayi Razanamanga, ogulitsa zitumbuwa za mpunga pomwepo. Akuti madalawo analira, kuopa kusanduka nkhalamba wamba yowothera dzuwa.

"Iii, bambo, mukulirira mphuno ine ndili ndi makutu?" anatero mayiwo. "Mfumu yathu yakale ija sinkabisala kudenga, n'kumaponyera mkazi wake kamwala pomuuza za mlendo? Wakudenga ndikhala ine."

Mayiwa, mwa miseche yawo, ankadziwa mphika wa aliyense. Wodya nkhumba akafika, kamwala kankagwa paphazi la amuna awo, iwo n'kukuwa, "Nkhumba!" Chinandinyansa n'chakuti wonyoza zitumbuwa zawo ankapezekanso atadya nkhumba. Ineyo ndinabwezedwapo nditadya chigwada.

Tsiku la chikondwerero cha chaka chatsopano cha makolo, mayi anagona ndi malungo. Anthu anali mbwee, madala ali okha, thukuta kamukamu. Ndinawamvera chisoni zedi. Woyamba pamzere anali Tsiresy, wopha nkhumba kumsika, mafuta ali nyezinyezi pandevu. Madala ananunkhiza, n'kununkhizanso, osamva kanthu. Anakweza dzanja kuti amulole.

Kamwala kanagwa paphazi pawo. Anakagwetsa ndi Tsiresy mwini, maso ali kumwamba.

"Nkhumba!" anakuwa madala.

"Mwandigwira, akuluakulu. Mphuno yanuyi ndi yoopsa," anatero Tsiresy, n'kubwerera.

Ena odya nkhumba anachitanso chimodzimodzi. Dzuwa likupendeka, madala anatolera timiyala tija m'chipewa n'kukakhuthula pamphasa ya akazi awo.

"Mayi, mudzi wonse ukudziwa."

"Mudziwu unadziwa kalekale. Mumayesa miyala yanga imauluka usiku?"

"Nanga bwanji sanandiseke?"

Mayi anawakankhira chipewa chija. "Valani. Mawa mulawire, anthu anu akakudikirani."