Tsiku Limene a Dorika Anang'amba Malaya a Apongozi Awo

A Dorika anabadwira ku Njombwa, nakwatiwa ku Chamama, komwe amalima fodya ndi amuna awo, a Levison. Zimene anachita ena amati n'kulimba mtima, ena amati ndi mwano. Ine ndafunsa anthu atatu amene analipo, ndipo sindinathebe kusankha.

Bungwe lina linabweretsa makina odzutsira mtima ukaima mwadzidzidzi, n'kuwapachika pakhonde la sitolo ya a Haidari. Linaphunzitsa anthu asanu. Tsiku limene ndikunenali, anayi anali kudimba kuthirira nazale. Wachisanu anali a Dorika.

Unali mwezi wa Novembala, anthu ali pamzere wa feteleza wa makuponi. A Amosi, bambo awo a a Levison, anangogwa chagada, kuponi ili m'manja, osapumanso.

"Athireni madzi!" wina anakuwa.

"Ndi njala iyo, pezani thobwa!" anatero wina.

A Haidari anabwera ndi makina akuthamanga. "Mayi, munaphunzira ndinu. Ine ndimangopukuta fumbi."

"Ndi apongozi anga awa," anatero a Dorika.

Pa zaka khumi ndi zinayi za ukwati anali asanawagwirepo ngakhale chanza. Madzi ankawapatsa atagwada patali. Tsono makinawo amafuna chifuwa chosavala.

"Alamu, avuleni malaya!" anauza mng'ono wa amuna awo. Mlamuyo anayamba kuwavula nsapato.

A Dorika anagwada n'kung'amba malayawo, mabatani mbwee. Amayi ena anaphimba kumaso. A Dorika anamata zomata ziwiri za makinawo pachifuwa, nkhope atalozetsa kuchigayo.

"Chokaniko nonse!"

Anadina batani la makinawo, thupi linadzambatuka. Anayamba kukanikiza chifuwa mwamphamvu, mpaka nthiti ina inamveka kuthyoka. Atadina kachiwiri, a Amosi anakoka mpweya. Lole ya feteleza inawatengera kuchipatala.

A Amosi atatuluka m'chipatala, mlongo wawo, a Fainala, anagamula kuti mtengwa apereke nkhuku yopepesera. A Dorika anaitumiza. Tsiku lomwelo a Amosi anatumizanso yawo yothokoza, osadziwa za inayo. Ngati kupepesako kunalandiridwa, kapena ngati panali chopepesera n'komwe, palibe amene wandiyankha momveka.

A Amosi analima nawo chaka chimenecho. Za tsikulo sanayankhulanepo ndi mpongozi wawo. Anangoitana mwana wawo n'kumuuza kuti, "Levison, ukawauze amayi a kunyumba kwako kuti nthiti ija yapola."