Tsiku limene Zephaniah ananjuta ku Highridge

Mlongo wanga Zephaniah sadziwa kukhala pansi. Ngakhale pamaliro mumuona akuyenda uku ndi uku, akukanda kumutu, akusuzumira kuchipata ngati pali womuitana. Ena amati mutu wake suyenda bwino. Ine ndimadziwa kuti ndi Mukobeko, ndende yaikulu ya kuno ku Kabwe, kumene anathera unyamata wake wonse.

Analowako ali ndi mwana mmodzi wakhanda. Mgodi unali utatsekedwa, ntchito kulibe, ndipo anyamata a m'komboni mwathu ankadula mawaya a kopa n'kumagulitsa. Tsiku lina mlonda anavulala, mlandu unagwera onse, ndi iye yemwe. Sindikumuikira kumbuyo ayi. Anaba, ndipo chilango chake anachigwira mpaka kumapeto. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti woweruza anatchula tsiku loti chilango chithe, koma anthu a kuno sanatchule lawo. Nkhuku ikasowa, maso onse ali pa iye. Ukalipentala anauphunzira m'ndende momwemo ndipo mipando yake anthu amaiyamikira, koma akalowa m'nyumba kukakonza chitseko, mayi wa pakhomopo amayamba wabisa foni.

Mwana uja, Eness, ndinamulera ine. Chaka chatha anapeza mnyamata womukwatira, Henry, wa ku Highridge kuja kwa mageti ndi magalimoto. Henry ankadziwa mbiri ya apongozi ake, koma anaopa kuuza makolo ake. Choncho atatiitana kukakambirana za ukwati tinapita mitima ili m'mwamba, podziwa kuti nkhani ya ndende ikatuluka, ukwati wa Eness ungathere pomwepo.

"Ba Zefa, please, mukankhale chabe pa mupando," ndinamuuza m'minibasi. "Osayendayenda, osakamba vambili."

"Nizayesa, ba sister."

Anayesetsadi, wachisoni. Anakhala m'mphepete mwa sofa atavala suti yobwereka, thukuta lili kamukamu. Zakumwa zinabwera, macheza anayamba kukoma, ndipo ine ndinayamba kupuma bwino.

Kenako analowa a Bwembya, amalume ake a Henry, amene anachedwa. Anali munthu wamtali, mpukutu wa makiyi ukulira m'chiuno. Anaima pakhomo n'kufunsa ndi mawu aakulu, "Bonse mulipo?"

Tisanayankhe, Zephaniah anali atatsika kale pasofa. Ananjuta pakapeti, manja pamaondo, maso pansi. Kundende, woyang'anira akalowa ndi makiyi, akaidi amanjuta chomwecho pamzere kuti awerengedwe. Thupi lake linachita zimenezi iye asanaganize n'komwe.

Amayi ake a Henry anaseka, poyesa kuti ndi ulemu wonyanya wa kwathu ku Chipata. "Awe, ba tata, ulemu wa ku Chipata wachilamo! Nkhalani pa mupando."

A Bwembya sanaseke. Tinadziwa pambuyo pake kuti anagwira ntchito yoyang'anira akaidi ku Mukobeko mpaka kupuma. Anamuyang'ana mlongo wanga kwa kanthawi.

"Munachoka liti ku Maximum?" anafunsa motsitsa mawu, kutanthauza ndende ya Mukobeko ija.

Zephaniah anatchula chaka, n'kuwonjezera "bwana" pamapeto.

Eness anabisa nkhope m'chitenje. A kuchimuna anatuluka kukakambirana kukhonde, ife tinatsala tikuyang'ana mabotolo. Ndinkafuna kumukalipira mlongo wanga, ndinkafunanso kumukumbatira, ndipo sindinachite chilichonse mwa ziwirizi.

Atabwerera, a Bwembya ndiwo analankhula. Anati ana akondana, mtsikanayo alibe mlandu, ukwati uchitika. Koma bambo ake asamulowetse m'tchalitchi, asakhale patebulo la makolo, ndipo pazithunzi asaonekepo. Tipeze wachibale wina aime ngati bambo.

"Mwaziba, bantu bazakamba," anatero. "Ine nibaziba aba bantu. Ena bamachinja, but you never know."

Magazi anga anawira. Ndinaimirira kuti ndiwafunse kuti chilango chachiwirichi walamula ndi khoti liti, ndipo chidzatha liti. Mawu anali atafika kale pakamwa pamene Zephaniah anandigwira chitenje n'kundikokera pansi. Anayang'ana mwana wake, amene anali akulira mwakachetechete, kenako anatembenukira kwa a Bwembya n'kuomba m'manja.

"Zikomo, bwana. Zikomo maningi."

Ndinalira pamaso pa anthu achilendowo, ine amene sindilira wamba. Mlongo wanga anali atalandidwa mwana wake yekhayo pa tsiku la ukwati, ndipo anathokoza ngati amuchepetsera zaka za m'ndende.