Kapinga wa Apongozi

Sunthirani kuno, nanunso muli pakhomopo lowani. Nkhani iyi sindifuna kuikweza mawu, poti eni ake ena akadali moyo.

Ine chibadwire ndakhala pa nkhondo ndi kapinga. Kumunda kwathu ku Nsaru ndamuzula mpaka makasu kutha. Pakhomo panga pankadziwikanso: kusesa m'mamawa, mizere ya tsache kuonekera mpaka kuchipata. Amayi anga anandiphunzitsa kuti udzu pabwalo umaitana njoka, ndiponso umaulula ulesi wa mwini khomo.

Ndiye chaka chomwe mdzukulu wanga anapeza banja, mayi wake, mwana wanga wa m'tauni uja, anabwera ndi mwamuna wake. Anati chinkhoswe chidzachitikira pakhomo panga, koma alendo sangakhale pafumbi.

"Amayi, tidzala kapinga pabwalopa."

"Mudzala chiyani?"

"Kapinga. Wogula."

"Kodi alipo munthu amagula kapinga? Osanena kale bwanji, ine ndakhala ndikutaya chuma."

Nzeruyo inali ya apongozi angawo, ndipo apongozi sutsutsana nawo. Ndinayang'ana kumbali n'kulonjeza kuti udzuwo ndiusamala mpaka tsiku la chinkhoswe, miyezi iwiri kutsogolo.

Bwalo langa, lomwe linali litalimba ngati mwala, aganyu analitipula. Anaphwanya zibuma, kutola miyala, kusakaniza manyowa a m'khola, n'kusalaza ndi thabwa. Mawa lake kapinga anafika pa galimoto kuchokera ku Njewa, wodulidwa zigambazigamba ndi dothi lake lomwe. Anamuyala mogundanitsa ngati njerwa n'kumupondereza. Apongozi anapereka malamulo akuyang'ana mtengo wa mango, poti ine sakanandiyang'ana kumaso: kuthirira m'mawa ndi madzulo, osapondapo milungu itatu, osasesa.

Osasesa. Tsache ndinkalinyamula m'mawa uliwonse n'kulibwezera pamalo pake.

Inali nthawi ya chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Kumjigo anzanga anadabwa ndi ndowa zanga zosatha. Ndikanati chiyani, kuti ndikumwetsa udzu? Manyazi anandigwira, ndinati ndikuchapa mabulangete. Nyumba yathu ili kumapeto kwa mudzi, mumpanda, ndiye bodzalo linayenda bwino.

Kapinga atayamba kubiriwira, akulu anga anadwala, ine n'kupita kukawadikirira kuchipatala ku Namitete. Zothirira ndinasiyira amuna anga. Anang'ung'udza: mwamuna wa imvi, mkulu wa mpingo, kukaima pamzere kumjigo?

Tsono kumpingo kwathu, mnzathu akakhala pa matenda, amayi timapita kukamugwirira ntchito zapakhomo. Lachinayi anafika, motsogozedwa ndi amayi apampando, mnzanga wa paubwana. Izi anandifotokozera okha pambuyo pake. Atangolowa mumpanda, anagwira pakamwa.

"Mnzathu wafooka chonchi ife osadziwa? Taonani udzu mpaka pakhonde. Ukalamba eti."

Anafunsa amuna anga ngati pakhomo pali makasu. Amuna anga, amene ankadziwa zonse, anatulutsa anayi. Limodzi analinola.

Amayiwo ankati kapinga womvera chotero anali asanamuonepo: kungokola ndi khasu, akunyamuka yense ngati mphasa. Anagwira ntchito akuimba, anakataya zonse kudzala, anasesa, anapemphera, n'kumapita.

Ine ndinabwera Loweruka. Ndisaname, mtima unayamba wakondwa, bwalo lili mbee ngati kale. Kenako ndinakumbukira lonjezo lija.

"Bambo, kapinga ali kuti?"

"Anabwera a kumpingo."

"Inu osawaletsa?"

"Ntchito ya Mulungu ndiiletse ine?"

"Nanga makasu anawapatsa ndani?"

Anayamba kufunafuna chipewa, chipewacho chili kumutu.

Ndinapita kwa apampando n'kuulula zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Iwe, mabulangete aja anali amenewa? Unabisiranji, nkhalamba yopanda nzeru?"

Lolemba anabweranso onse kudzafukula kudzala. Zigamba zina zinali zitauma, zina zili phulusa ndi makoko a mtedza okhaokha. Zomwe zinali ndi moyo tinazikung'untha n'kuziyalanso. Amayiwo anagamula kuti madzi azitunga ndi amuna anga, pa wilibala, mudzi wonse ukuona.

Wina anagwira, wina anakana. Pofika sabata ya chinkhoswe, bwalo linali ngati mutu wa zipere. Mwana wanga atatsika galimoto anayang'ana bwalo lonse. Ndinamuuza zonse, ndi za mabulangete zomwe. Apongozi anali kumbuyo kwake, nkhope pansi, mapewa akugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma ankaseka. Mwana wangayo sanaseke.

"Amayi, mukanangonena kuti simukumufuna."

"Ndinali nditayamba kumuzolowera, mwanawe."

Anandiyang'ana, n'kuusa moyo. "Basi, bwerekani mphasa."

Tinabwereka mphasa mudzi wonse n'kuyala pa zipere zija. Alendo anakhala pamphasa, mapazi pa kapinga, ndipo a kuchimuna anayamikira kuti pakhomo pano m'posamalika. Mwana wanga anamva yekha mawuwo, ndipo madzulo ake anandiyankhula bwino.

Mdzukulu uja ali pabanja, ana awiri tsopano. Akulu anga anachira, akadali kulima mtedza ku Kabudula. Apampando anapempha zigamba ziwiri n'kukadzala kuseri kwa nyumba yawo, akuti ndi za nkhuku. Mwana wanga akaimba foni amayamba wafunsa za udzu, za ine pambuyo. Mvula itagwa, kapinga anayanga n'kutseka zipere zonse, apongozi n'kutumiza chikwakwa chatsopano. Amuna anga ndiwo amatchetcha masiku ano, akudandaula msana. Ine ndimakhala pakhonde, n'kumawalozera pomwe asiya.